Ntchito Yotsogoza Ndi Iti? Kukonza Tsiku Pasitolo Kapena Muofesi Muno M'Chipata

Ndagwira ntchito zaka zingapo kuseri kwa kauntala m'sitolo ina yogulitsa mbewu, feteleza ndi zipangizo za ulimi ku Down Shops, ndipo mwezi umene unandiphunzitsa zambiri ndi Novembala. Mvula ikangogwa kawiri, pakhomo sipaoneka. Mlimi wa ku Chipangali akufuna matumba anayi a feteleza wa D Compound, wa njinga yamoto akumudikira panja. Mayi wa ku Kasenengwa akufunsa mbewu ya chimanga chocha msanga. Foni ikulira. Abwana akufuna kudziwa kuti feteleza wa Urea watsala matumba angati, ndipo dalaivala wa lole yochokera ku Lusaka akuti mumutsitsire katundu abwerere. Zonsezi 9 koloko isanakwane. Dzuwa likamalowa miyendo yalema, mawu asasa, koma ntchito imene inkafunika kuposa zonse ili pomwe inali.

Chaka china a komiti ya kopaletivi ina ya ku Chadiza anabwera Lolemba kudzapempha kotesheni ya matumba ochuluka. Anati adzaitenga Lachitatu masana, chifukwa Lachinayi anali ndi msonkhano wa mamembala. Lachiwiri lonse ndinangokhalira kugulitsa, kuyankha mauthenga ndi kusanja mashelefu. Lachitatu kunacha magetsi kulibe, pulinta ili zii. Anthu aja anafika, nakhala pabenchi ola lathunthu zipewa zili pamaondo, kenako tcheyamani wawo anaimirira n'kunena kuti, "Zikomo bambo, tikayese kwina." Anakagula kwina. Kotesheniyo inkangofuna mphindi 20, ndipo Lachiwiri magetsi analipo tsiku lonse. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa anthuwo anali atayenda ulendo wautali podalira mawu anga.

Kuchokera tsiku limenelo, ndikamasankha ntchito yoyamba ndimafunsa funso limodzi: kodi ndi iti imene khomo lake litsekedwe msanga? Ndondomeko ili m'munsiyi inabadwira pasitolo, koma kalaliki wa pasukulu, telala wa ku Kapata kapena mlembi wa muofesi angaigwiritse ntchito bwinobwino.

Yambani madzulo, musanatseke

Gulani kope limodzi lachikuto cholimba, likhale la ntchito imeneyi basi. Kukatsala mphindi 10 kuti muweruke, lembani ntchito zonse zimene zatsala ndi zimene mwalonjeza anthu, iliyonse pamzere wake. Musasankhe, musasanje. "Kotesheni ya a ku Chadiza." "Kuimbira wa mbewu ku Lusaka." "Kukaika ndalama kubanki." "Kukonzetsa sikelo." Ngakhale zazing'ono monga kugula buku la malisiti zilowe.

Muzilemba madzulo chifukwa nthawi imeneyo zonse zikadali m'mutu. M'mawa mumafika ndi nkhani za kunyumba, ndipo munthu woyamba kulowa pakhomo ndiye amakulamulirani tsiku. Timapepala tong'amba ndi kulemba pachikhatho zisiyeni. Wokonda foni angalembe m'foni, koma foni imatha moto, ndiponso mukaitsegula kuti muone ntchito mumapeza muli pa WhatsApp.

Pa ntchito iliyonse lembani nthawi imene khomo lake litsekedwe

Apa ndiye pagona nkhani, choncho tikhalepo pang'ono. Ntchito zambiri zili ndi khomo limene wotseka wake si inu. Makomo ena amatsekedwa ndi a boma, ena ndi a banki, ena ndi a magetsi, ena ndi mvula. Pambali pa mzere uliwonse m'kope muja, lembani tsiku kapena ola limene mwayi wochita ntchitoyo utha.

Makomo ena amatsekedwa ndi deti. Ngati ndinu amene mumayendetsa za malipiro pakampani kapena pasitolo, mukudziwa kuti msonkho wa pa malipiro (PAYE) wa ku bungwe la misonkho la ZRA, zopereka za penshoni ku NAPSA ndi za inshuwalansi ya zaumoyo ku NHIMA ziyenera kulipidwa pofika pa 10 mwezi wotsatira. Msonkho wa mabizinesi ang'onoang'ono wa Turnover Tax ndi pa 14, wa VAT ndi pa 18. Madeti amenewa sasintha chifukwa chakuti kasitomala wachuluka, ndipo kuchedwa kumabweretsa chindapusa. Tengani kalendala ya pakhoma, zungulizani madeti atatuwo m'miyezi yonse 12 ndi bolopeni yofiira. Kenako bwererani masiku atatu kumbuyo kwa deti lililonse, pamenepo ndi pamene muziti ndi tsiku lanu lomaliza. Pa 10 penipeni aliyense m'dziko muno amafuna kulowa pa intaneti nthawi imodzi, ndipo netiweki ikavuta tsiku limenelo mulibenso kolowera.

Makomo ena amatsekedwa ndi ola. Maofesi a boma amatsegula 8 koloko m'mawa, amapumula kuyambira 1 koloko mpaka 2 koloko masana, n'kutseka 5 koloko madzulo. Banki imatseka dzuwa likadali m'mwamba. Munthu amene wanyamuka 12 koloko itadutsa kupita kukasainitsa pepala amakakhala pabenchi mpaka 2 koloko, ndipo masana onse apita. Mabasi ambiri opita ku Lusaka amanyamuka m'mamawa, ndipo mtunda wake ndi pafupifupi makilomita 570. Phukusi limene silinamangidwe usiku wake lataya tsiku lathunthu.

Khomo la magetsi tonse tinalidziwa bwino mu 2024. Chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, a ZESCO anayamba kuzimitsa magetsi maola 8 patsiku mu Malichi, ndipo pofika Seputembala maolawo anafika mpaka 21. Amene anapirira chaka chimenecho ndi aja amene anagawa ntchito zawo pawiri, zofuna magetsi ndi zosafuna magetsi. Ine m'kope mwanga ndimaika chilembo M pambali pa ntchito iliyonse yofuna pulinta, kompyuta, fotokope kapena makina. Magetsi akangobwera ndimasiya kusanja mashelefu n'kuthamangira za M zija. Kuwerenga sitoko, kusesa, kulemba malisiti pamanja ndi kuimba mafoni kungadikire nthawi ya mdima. Ngakhale m'nyengo imene magetsi akuyaka bwino, chizolowezi chimenechi musachitaye. Telala asoke ndi makina magetsi alipo, kudula nsalu ndi kuika mabatani achite atazima. Wowotcherera awotcherere kaye, kupenta n'kwa pambuyo.

Khomo lomaliza ndi la nyengo, ndipo limeneli likatsekeka silitsegukanso mpaka chaka chamawa. Mlimi amafuna mbewu ndi D Compound nthawi yobzala. Urea amamufuna chimanga chitamera n'kukula masabata angapo. Oda ya mbewu imene mwaichedwetsa sabata ziwiri mu Okutobala idzafika anthu atabzala kale, ndipo matumbawo adzakhala m'sitolo kukuyang'anani. Kwa telala nyengo yake ndi Januwale, masukulu akamatsegula. Yunifomu yotha sabata yachitatu ya temu ilibenso phindu kwa kholo.

Mukatha kulemba mudzaona kuti ntchito zina zilibe khomo lililonse. Kusanja mafayilo akale, kusintha malo a shelefu, kupukuta zikwangwani. Zimenezi n'zimene zimatikopa chifukwa n'zosavuta ndipo munthu umaoneka wotanganidwa. Ziikeni pansi penipeni pa tsamba.

Funsaninso: ndani waima chifukwa cha ine?

Nthawi zina ntchito ziwiri zimatsekeka tsiku limodzi. Zikatero tsogozani imene yaimitsa anthu ena. Dalaivala wa lole amene akudikira siginecha yanu waimitsanso anyamata anayi otsitsa katundu, ndiponso sitolo ina ya ku Lundazi imene ikudikira lole yomweyo. Kusaina kwa mphindi ziwiri kumamasula anthu onsewo. Lipoti limene mukulemba nokha lingadikire mphindi ziwirizo.

Munthu wochokera kutali ndimamuika patsogolo pa wa m'tauni muno. Wa ku Vubwi akaphonya galimoto yobwerera agona kuti? Wa ku Kalongwezi angabwerenso mawa. Mukamachita zimenezi muuzeni wa pafupiyo poyera kuti, "Amama, ndiloleni ndithandize kaye agogowa, galimoto yawo inyamuka posachedwa." Anthu ambiri amavomera mosavuta akauzidwa chifukwa.

Sankhani zitatu, muyambe ndi yolemera

Pa mndandanda wonse uja zungulizani ntchito zitatu zimene dzuwa lisalowe zisanathe. Zitatu basi. Pamalo pamene pamabwera anthu, theka la tsiku si lanu, ndipo mukazunguliza khumi mudzagwira iyi pang'ono, iyo pang'ono, osatsiriza ngakhale imodzi. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Pa zitatuzo, imene ikufuna mutu wodekha ichitike koyambirira. Kuwerengera mitengo, kulemba kotesheni, kufananitsa ndalama za dzulo ndi malisiti, zonsezi zimafuna bata. Ine ndinapempha abwana kuti ndizifika mphindi 40 chitseko chisanatsegulidwe, n'kumaweruka msanga Loweruka. M'mphindi 40 zimenezo ndimatsiriza zimene masana zikananditengera maola awiri, chifukwa palibe wondiitana. Ngati kufika msanga n'kosatheka, pezani ola limene pamalo panu pamachita zii. Malo aliwonse ali ndi ola lotero. Liyang'anitsitseni sabata imodzi, mudzalipeza.

Ntchito yaikulu imene mukuiopa iduleni zidutswa. Musalembe kuti "kuwerenga sitoko". Lembani "kuwerenga matumba a feteleza", mawa "mankhwala opopera", mkucha "makasu ndi mapulawo". Chidutswa cha theka la ola chimalowa m'tsiku lililonse, pamene ntchito ya tsiku lathunthu imangokankhidwira kutsogolo mpaka mwezi utha.

Foni ndi alendo

Foni ndiyo imadya nthawi mosaoneka. Ikani nthawi zitatu zoyankha mauthenga: mutatsiriza ntchito yoyamba ija, nthawi ya nkhomaliro, ndi musanatseke. Magulu a WhatsApp a mpingo, a banja ndi a anzanu a kusukulu muwatseke mawu nthawi ya ntchito. Amene ali ndi nkhani yofulumira amaimba. Makasitomala anu auzeni zimenezi kuti asaganize kuti mukuwanyalanyaza.

Za alendo n'zovuta kuposa foni, chifukwa kwathu kuno munthu sumuthamangitsa. Amalume atsika basi kuchokera ku Katete, alowa kudzakuonani, ndipo moni wake si wa mphindi imodzi. Ndimakhulupirira kuti ulemu ndi ntchito zingayendere limodzi. Imirirani, apatseni moni wonse, funsani za kumudzi, apatseni mpando ndi madzi. Kenako nenani zoona: "Amalume, ndili ndi pepala lofunika kufika kubanki isanatseke. Mukhale pano, 1 koloko ikakwana tidyere limodzi nsima ticheze bwino." Munthu wamkulu amamva zimenezi. Chimene chimakhumudwitsa mlendo n'kulankhula naye maso ali pakompyuta, mukungoti "ee, ee". Pamenepo mwataya zonse ziwiri, macheza ndi ntchito.

Abwana akabwera ndi ntchito ina

Ambiri timangoti "chabwino abwana" n'kusiya zimene timachita, kenako madzulo timadzudzulidwa chifukwa cha ntchito yomwe tinasiyayo. Kope lija limathandiza kwambiri pamenepa. Litseguleni, muwaonetse: "Abwana, pano ndikutsiriza za NAPSA, tsiku lake ndi mawa. Kodi ndisiye ndiyambe iyi, kapena ndiichite ndikatha, cha m'ma 11 koloko?" Simunakane, simunachite mwano. Mwangobwezera chisankho kwa mwini wake, amene nthawi zambiri amakhala ataiwala zimene anakupatsani dzulo. Kawirikawiri yankho limakhala lakuti, "Tsirizani kaye imeneyo."

Ngati muli ndi mabwana awiri, monga mwini sitolo ndi akazi awo, kapena ahedi ndi achiwiri awo, musayese kukondweretsa onse mwakachetechete. Mapanga awiri avumbwitsa. Apempheni mwaulemu kuti agwirizane okha ntchito yoti itsogole, inu mutsatire.

Ndipo mukamalonjeza kasitomala, tchulani tsiku ndi ola limene mungakwanitsedi, muwonjezerepo kanthawi. "Mubwere Lachinayi masana" ndi mawu abwino kuposa "mubwere mawa" amene mukudziwa mumtima kuti sizitheka. Lonjezo lililonse lilembeni m'kope pomwepo, munthuyo akuona.

Ulendo umodzi, ntchito zingapo

Musatuluke ndi ntchito imodzi. Banki, ofesi ya khonsolo, kogula inki ya pulinta, kwa wokonza sikelo, zonse zilembeni pamzere umodzi motsatira njira, kuyambira kumene kumatseka msanga. Musananyamuke imbani foni kufunsa ngati munthu amene mukumufunayo alipo ndi mapepala amene afunike. Zimene zingalipidwe pa Airtel Money kapena MTN MoMo zisakuyendetseni.

Gawirani anzanu

Mutu umodzi susenza denga, koma kugawa ntchito kuli ndi kachitidwe kake. Ndinaona kuti ndikangoti "Iwe, kawerenge matumba", mnyamata amabwera ndi nambala imodzi yosakaniza Urea ndi D Compound, ine n'kukawerenganso ndekha. Tsopano ndimanena zinthu zitatu: chochita, chimene ndikufuna kuona akatha, ndi nthawi. "Uwerenge matumba a makilogalamu 50, Urea payekha, D Compound payekha, ong'ambika uwalembe padera, undipatse pepala 10 koloko isanakwane." Ulendo woyamba muchitire limodzi. Zidzakutengerani nthawi yochuluka kuposa kuchita nokha, koma ndi kamodzi kokha.

Zokhudza ndalama ndi siginecha yanu zikhale m'manja mwanu. Zotsala zambiri wina angazichite, ndipo mwina angazichite bwino kuposa inu.

Siyani mpata wa zadzidzidzi

Maliro sapangana tsiku. Uthenga umamveka pa Breeze FM kapena pa Radio Maria, kapena foni imalira usiku, ndipo m'mawa muyenera kukhala kumudzi. Mwana amadwala, mvula imadula msewu, lole imafera panjira. Munthu amene wadzaza tsiku lake mpaka pakamwa, chinthu chimodzi chikasokonekera zonse zimagwa. Choncho pokonza tsiku siyani ola limodzi kapena awiri opanda kanthu, makamaka masana. Ngati palibe chachitika, mutengepo ntchito zopanda khomo zija.

N'chifukwa chakenso ndinati musamadikire deti lenileni. Amene walipira za pa 10 tsiku la 7 amapita kumaliro mtima uli m'malo. Kope lanu lizikhala pamalo odziwika, lolembedwa moti mnzanu angaliwerenge. Musananyamuke mukhale naye mphindi zisanu, mumuonetse ntchito zimene sizingadikire kubwera kwanu ndi manambala a anthu oti awaimbire. Makasitomala amene munawalonjeza auzeni nokha musanakwere galimoto. Palibe munthu wa kuno amene angakwiye atamva kuti mwapita kumaliro, koma amakwiya akayenda ulendo wautali n'kupeza chitseko chotseka popanda mawu.

Yang'anani chaka chonse

Kamodzi pachaka khalani pansi ndi kalendala, mulembe miyezi yothina ndi miyezi yopepuka pa ntchito yanu. Kwa ife ogulitsa za ulimi, Okutobala mpaka Januwale ndi nthawi yopanda kupuma. Kumapeto kwa Febuluwale tauni imadzaza ndi alendo a mwambo wa Nc'wala opita ku Mtenguleni, ndipo a malo ogona, a zakudya ndi a magalimoto amakhala pa liwiro. Kumapeto kwa Ogasiti anthu amakhamukira ku Mkaika ku mwambo wa Kulamba. Nthawi yokolola ndi kugulitsa chimanga, soya ndi nshawa, ndalama zimayenda ndipo a malata ndi simenti amatanganidwa. Ntchito zikuluzikulu zosafulumira, monga kuwerenga sitoko yonse, kupenta, kukonzetsa makina, kuphunzitsa wantchito watsopano ndi kutenga tchuthi, ziikeni m'miyezi yopepuka. Wantchito watsopano amene wayamba pakati pa Novembala palibe amene ali ndi mpata womuphunzitsa, ndipo zolakwa zake zimawonjezera ntchito.

Dziwani nthawi yoweruka

Lamulo la ntchito la Employment Code Act la 2019 limati tsiku la ntchito ndi maola 8, ndipo sabata ndi maola 48. Zopitirira pamenepo ndi ovataimu. M'nyengo yothina tonse timapitirira, koma chisakhale chizolowezi cha chaka chonse. Zolakwa zanga zambiri za masamu ndinazichita 6 koloko itadutsa, ndili ndi njala, ndipo m'mawa wake ndinkataya ola kufunafuna pamene ndalama zasiyanira. Nthawi ya nkhomaliro idyani, ngakhale mosinthana ndi mnzanu.

Ikakwana nthawi yotseka, bwererani ku kope lija. Dulani mzere pa zimene zatha. Zimene zatsala zisamutsireni patsamba la mawa ndi dzanja lanu, musangoika muvi. Kulembanso kumakuchititsani kuganiza. Ntchito imene mwaisamutsa katatu muiyang'anitsitse: mwina ndi yaikulu ndipo ikufuna kudulidwa zidutswa, mwina ndi ya munthu wina, mwina mukuiopa chifukwa pali wina woti mulankhule naye mawu ovuta, monga wangongole amene wakhalitsa. Ngati ndi choncho ikhale yoyamba mawa, chitseko chisanatsegulidwe. Ngati ilibe khomo ndipo palibe amene akuidikira, ifufuteni.

Loweruka musanatseke onjezani mphindi 15. Tsegulani kalendala, muone madeti ofiira amene akugwera sabata ikubwerayo, oda zimene zikuyembekezeka, ndi anthu amene munawauza kuti abwere. Lembani zitatu za Lolemba, ikani M pamene pakufunika magetsi, tchajani foni ndi makina a malisiti, kope muliike pakauntala pamwamba pa buku la malisiti kuti Lolemba m'mawa dzanja lanu liyambe kugwira ilo.